Tsiku Limene a Mchape Anadula Chingwe cha Amayi Albertina

Ine, Anjelina Mathero, wa zaka ngati makumi awiri ndi zisanu, mlimi, wa m'mudzi mwa Namaona kwa Likoswe, ndikunena izi.

Albertina Mathero, amene agonekedwa ku chipatala cha mishoni ndi bala pakhosi, ndi amayi anga ondibereka. Bambo anga anamwalira kale, ndipo timakhala awiri. Amayi ndi Akatolika ndipo amavala sikapulari. Sikapulari ndi tinsalu tiwiri tofiirira, tochepa ngati bokosi la machesi, tolumikizidwa ndi zingwe. Kena kamakhala pachifuwa, kena kumsana, mkati mwa zovala. Anawaveka ndi ansembe m'tchalitchi ine ndisanabadwe. Chikhalire sindinawaonepo atavula, ngakhale posamba kumtsinje.

Loweruka lapitali m'mawa, m'mudzi mwathu munafika amuna atatu a mchape, aja amati akuthetsa ufiti. Wamkulu wawo ankadzitchula kuti Frackson. Ndi wamtali, ali ndi mpata m'mano, ndipo anavala jekete yakuda. Ananyamula kalilole ndi botolo la mankhwala ofiira omwetsa anthu. Dzinja lapitali kwathu kunamwalira ana awiri, choncho anthu anasonkhana ambiri pa mphambano ya njira ya ku Mbulumbuzi.

Ine ndi amayi sitinapite kukamwa mchape, poti ansembe analetsa. Tinali kumunda kuthyola nandolo. Dzuwa lili pamutu tinasenza madengu kubwerera, ndipo njira ya kunyumba imadutsa pamphambano pomwepo.

Tinapeza anthu ali pamzere. Frackson anali atawafulatira, akuwayang'ana m'kalilole mmodzimmodzi. Pambali panali mulu wa nyanga, nsupa ndi zithumwa zimene anthu anapereka. Ife tinalambalala m'mbali, amayi ali patsogolo. Atakweza mkono kugwirizira dengu, chingwe cha sikapulari chinaonekera pakhosi la bulawuzi.

Frackson anatembenuka nati, "Imani, mayi inu! Cha m'khosicho ponyani pamulu."

Amayi anaima nati, "Si chithumwa ichi, bambo. Ndi chovala cha chikhristu changa."

Iye anati, "Vulani tione."

Amayi anati, "Anandiveka m'tchalitchi. Sindingavulire pamphambano."

Munthu wina m'gulumo anafuula kuti mayi ameneyu ndiye watha ana. Nkhope yake sindinaione. Anzake awiri a Frackson anagwira amayi mikono, dengu n'kugwa, nandolo n'kumwazika. Ndinatula langa kuthamangirako, koma mmodzi anandikankha pachifuwa ndipo ndinagwa chagada. Podzuka ndinaona Frackson atasolola mpeni m'thumba la jekete. Amayi anatsitsa chibwano kupanikiza chingwecho. Iye analowetsa mpeni pansi pa chingwe n'kukoka. Mpeni unadula chingwe, unachekanso khosi mbali ya kumanzere. Magazi anatsikira m'bulawuzi. Amayi sanakuwe, ndipo sanakhale pansi.

Frackson anatukula tinsaluto m'mwamba nauza anthu kuti mkati muli mankhwala ophera ana. Anang'amba kamodzi ndi mpeni onse akuona, n'kukakutumula. Munagwa ulusi basi. Anakutumulanso, osagwa kanthu.

Pamene amati ang'ambe kansalu kachiwiri, panatulukira Che Hamadi, telala, amene tinayandikana nawo nyumba. Ndi Asilamu, achikulire, ndipo anavala mkanjo wawo woyera ndi chisoti. Anayenda osathamanga mpaka kuima pakati pa amayi ndi Frackson. Anagwira mkanjo wawo pachifuwa nati, "Mkanjo wangawu ndimapempherera. Ukatha kung'amba icho, ung'ambenso uwu." Kenaka anatambasula dzanja nati, "Bwezera mwini wake."

Frackson anaponya tinsaluto pansi. Amuna aja anawasiya amayi. Che Hamadi anawerama, anatola, anasasa fumbi, napereka kwa amayi ndi manja awiri. Ine ndinavula duku langa kupanikiza pabala. Amayi anandiuza kuti ndiyembekeze kaye. Anamanga mfundo pamene chingwe chinaduka, anachita chizindikiro cha mtanda, navalanso sikapulari yawo, ulendo uno pamwamba pa bulawuzi. Atatero anandilola kumanga bala.

Pamzere paja panali amayi Gertrude, a mpingo wathu, amene anabwera kudzamwa mchape poti mmodzi mwa ana omwalira aja anali mdzukulu wawo. Anali atatsala pang'ono kufika pabotolo. Anapisa dzanja m'khosi, anatulutsa sikapulari yawo kuisiya panja, anachoka pamzere n'kudzaima pafupi ndi amayi anga. Ena anawatsatira, akazi ndi amuna omwe, aliyense yake ili poyera pachifuwa. Sindinawawerenge. Inenso ndinatulutsa yanga.

Frackson anaitana kuti mzere upitirire, koma palibe anasendera. Anatenga kalilole ndi botolo, iye ndi anzake n'kulowera njira ya ku Mikolongwe. Mpeni anauiwala pansi. Ndinautola, ndipo ndi womwewu ndapereka pano, wa chigwiriro cha mtengo. Nditamuonanso Frackson ndingamuzindikire.

Amuna anabweretsa machira kuti anyamule amayi. Amayi anakana, anati pamphambanopo achokapo ndi miyendo yawo. Anayendadi, ine mbali iyi, amayi Gertrude mbali inayo, gulu lija lili m'mbuyo likuimba nyimbo ya Maria. Che Hamadi anatsagana nafe, mkanjo wawo uli ndi magazi pamkono. Titawoloka mtsinje, mudzi usakuonekanso, amayi anagwada, ndipo pamenepo anavomera machira. Tinafika ku chipatala dzuwa litapendeka. Asisitere anasoka balalo, ndipo anati amayi achira.

Lolemba kunabwera wapolisi ku chipatalako. Anafunsa amayi mafunso, kenaka anapempha sikapulari yong'ambikayo kuti apite nayo ku boma, ikakhale umboni tsiku la mlandu. Amayi analankhula motsitsa chifukwa cha bala, koma ndinali pamutu pa bedi ndipo ndinamva bwinobwino. Anati, "Mpeni tengani kwa mwana wanga. Ichi akafuna kuchiona a khoti, mundiuze tsiku. Ndidzabwera nacho ndekha, nditavala."

Zimene ndikudziwa n'zomwezi. Andiwerengera, ndamva, ndipo ndi mawu anga. Chala sindidinda, dzina ndilemba ndekha.

Anjelina Mathero
Polisi ya ku Chiradzulu, Ogasiti 1933