A Markus Tuhumury, Mlonda wa Nyumba ya Wonga

Malemu bambo athu, a Markus Tuhumury, anabadwa pa 9 Malichi 1941 kuno ku Ambon, m'banja la asodzi. Ndine Yosina, mwana wawo woyamba. Sinditalikitsa, dzuwa lakwera ndipo ana sanadye.

Sukulu analekeza kalasi yachisanu. Mu 1960 analowa usilikali, ndipo anawaika kuyang'anira nyumba ya zida ya kudoko, ija anasiya atsamunda Achidatchi. Kumeneko anaphunzira lamulo limodzi: muli wonga salowamo ndi moto, salowamonso ndi nsapato, poti msomali wa nsapato umathetheka pamwala. Mu 1965 anakwatira mayi athu, malemu a Costansa.

Mu 1983 asilikali anasamuka. Nyumbayo inasanduka yoonetsera zakale, bambo n'kutsala ngati mlonda. Mizinga inapakidwa penti, ana a sukulu anayamba kubwera. Koma bambo lamulo lija sanalisiye. Aliyense ankamuvulitsa nsapato pakhomo, ngakhale wa tayi. Chipinda chapansi ndiye sankatsegula n'komwe. Ankangoti, "Migolo ya wonga ya kuseri kwa khoma ija sindinaione ikutuluka." Ambiri muli panonu munkawaseka.

Mu 1996 akuluakulu anafuna kuti m'chipindamo muzikazingidwa nthochi za alendo. Bambo anakaniza kiyi, ntchito inathera pomwepo. Mayi ndiwo ankadyetsa banja ndi malonda a nsomba zowamba. Ankawafunsa kuti, "Markus, wonga wakowo tidya?" Kukacha bambo ankapitabe kukakhala pageti, osalembedwa ndi munthu. Zophikazo zinayamba zaima kudikira amisiri oti akonze chipindacho.

Mu 1998 amisiriwo anagumula khoma lija, n'kupeza migolo isanu ndi iwiri, wonga wake uli gwa, wouma. Pamwamba pake tsiku limenelo panali ana a sukulu makumi anayi. Palibe anabwera kudzapepesa, ntchitonso sanawabwezere.

Mu 2022 anafa ziwalo mbali imodzi. Tawasamalira kunyumba kwanga zaka ziwiri, mpaka anatisiya Lachiwiri, pa 4 Juni 2024.

Asiya ana anayi ndi zidzukulu khumi ndi chimodzi. Tikuthokoza abusa, amayi a mpingo, ndi aneba amene ankatithandiza kuwanyamula. A ku nyumba ya zakale, nkhata yanu ya maluwa taiona.

Tawagoneka opanda nsapato, monga anapemphera. Inu muli kumbuyoko, zimitsani nduduzo, bokosi likudutsa.

Bambo, pageti paja chokanipo tsopano. Usani mumtendere.