Mapepala a Mzere Wofiira a Malemu Gilford Kanyumbu

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1958 m'mudzi mwa Kanyumbu, Mfumu Yaikulu Kaphuka, m'boma la Dedza. Dzina lawo ndi Bambo Gilford Kanyumbu, ndipo anali oyamba kubadwa m'banja la ana asanu. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Misheck, mng'ono wawo wotsiriza. Ndikupempha nonse amene mwabwera kudzatikhuza kuti mutipirire, chifukwa m'mbiriyi muli zina zimene ife a banja sitikanakonda kuzitchula pagulu.

Sukulu anayamba mu 1965 pamishoni ya kwathu, ndipo anafika nayo Fomu 2 mu 1975. Fizi itavuta, anabwera kuno ku Lilongwe mu 1977 n'kupeza ntchito pakampani ina yosindikiza mabuku ku Malangalanga. Anayamba ndi kusesa zidutswa za mapepala. Mabwana ataona kuti wosesayo akumaima ndi tsache m'manja n'kumaloza mawu olakwika, anawapatsa mpando ndi pensulo yofiira. Lamulo la pantchitopo linali lakuti tsamba likawerengedwa n'kupezeka kuti lili bwino, alidule mzere wofiira kuchokera pangodya ya kumwamba mpaka ya kumunsi. Chizolowezi chimenechi malemu anapita nacho kunyumba, ndipo sanachisiye mpaka imfa.

Pa 8 Sepitembala 1984 anamanga banja ndi Mayi Ennie Nangozo a ku Mitundu, nakhazikika kuno ku Kawale. Tinene zoona, ife a kuchimuna ukwatiwo sitinausangalalire. Mayi Nangozo sukulu analekezera Sitandade 3, ndipo tinkati munthu wowerenga mabuku ngati achimwene akanapeza mphunzitsi kapena namwino. Tinadya nawo phwando, koma pobwerera tinkang'ung'udza njira yonse.

Buku lawo loyamba la nthano linatuluka mu 1991, lachiwiri mu 1998, lachitatu mu 2009. M'buku lachiwirilo munali mwamuna wina waumbombo amene ankabisa shuga m'nsapato alendo akabwera. Amalume athu, amenenso anatisiya, anati ameneyo ndi iwowo, ngakhale palibe anawatchula dzina. Banja lonse linakwiya. Ambiri a ife tinakwiya bukulo tisanaliwerenge, ndipo mpaka lero sitinaliwerenge. Kuyambira pamenepo achimwene tinkawatchula kuti a Mapepala, iwo ali poteropo.

Kampani itatsekedwa mu 2003, malemu anati tsopano ntchito yawo ndi kulemba basi. Ife tinkaona ngati ulova wovala jekete. Anthu a ku Kawale kuno mukudziwa mmene ankakhalira. Mamawa ankatsika wapansi mpaka kudepoti, n'kukwera minibasi ya ku Nsungwi, ku 25, kumene analibe m'bale kapena chochita. Ankakhala mpando wakumbuyo n'kumamvetsera mmene anthu akukanganirana, mmene mayi akudzudzulira mwana, mmene mwamuna akunamizira mkazi wake pafoni kuti ali ku Biwi. Akafika ku Nsungwi ankatsika, kulemba zimene amvazo m'kabuku ka m'thumba, n'kukwera ina yobwerera. Makondakitala anafika powazolowera moti ankawasungira mpandowo.

Akafika kunyumba ankakhala pakhonde, thabwa pamaondo, n'kulemba ndi bolopeni mpaka dzuwa litafika pamutu. Tsiku labwino ankalemba masamba atatu. Tsiku loipa ankalemba chiganizo chimodzi, kuchifufuta, n'kupita kukathirira mpiru kuseri. Masana ankanyamula zimene alembazo kupita nazo pageti, pamene Mayi Nangozo amagulitsira tomato ndi nyemba, n'kuwawerengera mokweza. Ife tikadutsa tinkaseka chamumtima, tinkati achimwene asowa omvera.

Mu 2016 anayamba buku lachinayi, limene ankati ndilo adzakumbukiridwe nalo. Linali la moyo wa pamzere wa nyumba za lendi, kuyambira nthawi imene Kawale anali ndi mipopi yowerengeka mpaka lero. Analilemba zaka zisanu ndi zinayi, pamanja, kope limodzi lokha. Ana awo atawauza zoti alitayipitse pang'onopang'ono, anakana, anati chakudya sachipakula chisanapse.

Mu Febuluwale 2024 anadwala sitiroko, dzanja lamanja n'kufooka. Anaphunzira kulemba ndi lamanzere, zilembo zake ngati za mwana wa Sitandade 1, ndipo bukulo analimaliza mu Epulo chaka chino. Anagwirizana ndi Mayi Ruqayyah, amene ali ndi malo otayipira pamsika wa Kawale ndipo ndi amene anatayipa buku lachitatu lija, kuti ntchito iyambe mwezi uno. Pa 2 Juni matenda anabwereranso, tinathamangira nawo kuchipatala chachikulu, ndipo Lolemba pa 9 Juni 2025, cha m'ma 10 koloko m'mawa, anatisiya ali ndi zaka 67.

Apa ndi pamene pali manyazi athu. Monga mwa mwambo, uthenga utafika tinayamba kutulutsa katundu m'nyumba kuti amayi apeze pokhala. M'chipinda chaching'ono munali makatoni awiri a mapepala. Amene anawasankha mapepalawo ndine, Misheck, osati mwana kapena mlendo. Ndinaona kuti ena ndi olembedwa bwino, oyera opanda mzere, ena ndi odulidwa mzere wofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ine ndinaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu, ndipo kwa mphunzitsi mzere wofiira wotero umatanthauza kuti zalakwika. Oyerawo ndinawamanga bwinobwino n'kuwatsekera m'sutikesi, ndikudziyamikira kuti ndasamala ntchito ya achimwene. Odulidwawo ndinawapereka kwa amayi ophika kuti azikolezera moto.

Mayi Nangozo nthawi imeneyo n'kuti ali kuchipatala ndi thupi. Atabwera sindinawafunse. Ndikhoza kunena kuti ndinkalemekeza namfedwa, koma pamaso pa bokosi ili sindinama. Sindinawafunse chifukwa mumtima mwanga ndinkati munthu wa Sitandade 3 angadziwe chiyani za mapepala.

Dzulo masana Mayi Ruqayyah anabwera kudzapepesa, ndipo potuluka anandikokera pambali n'kundiuza kuti tisamale kwambiri mapepala a mzere wofiira, chifukwa amenewo ndiwo buku. Anandifotokozera zimene aliyense wa pageti paja ankadziwa kupatula ife abale. Malemu akamawerenga tsamba, Mayi Nangozo ankamvetsera uku akusankha nyemba. Pena ankawadula n'kuwauza kuti munthu wa ku Kawale sayankhula choncho, kapena kuti mkazi wokwiya sanena zambiri chotero. Tsamba limenelo linkabwerera m'katoni lili loyera, kuti likalembedwenso. Koma manja a mayi akaima, nyemba n'kuiwalika m'lichero, malemu ankatulutsa pensulo n'kudula mzere. Palibe tsamba la mabuku awo onse limene linapita kosindikiza lisanadutse m'makutu mwa mayiwa.

Tinathamangira kuseri kumene amayi amaphikira. Mwa masamba 412 a bukulo tinapezako 23, ena opserera m'mbali. Tiyi amene tinamwa dzulo m'mawa, tonse amene tinali pano, anawira ndi buku la achimwene. Zimene ndinatsekera m'sutikesi zija ndi zimene Mayi Nangozo anazikana.

Lero m'mawa tinatuma ankhoswe kuti akatigwadire kwa Mayi Nangozo. Sanatikalipire, ndipo zikanatipepukira akanatero. Ayankha kuti bukulo analimva lonse, masamba ena kanayi kapena kasanu, ndipo zambiri akuzikumbukira, ngakhale kuti mawu ake enieni sangabwerere onse. Akuti maliro akatha azidzakhala pansi ndi Mayi Ruqayyah ndi mwana wawo Tiwale n'kumanena zimene akukumbukira, koma pa nthawi imeneyo pasadzapezeke aliyense wa kuchimuna. Tavomera, ndipo tilibe pakamwa potsutsira. Alamu, takulakwirani zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo tikupepesa pamaso pa anthu onsewa.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Ennie Nangozo, ana atatu, Pemphani, Lena ndi Tiwale, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, azichemwali awo awiri ndi ine mng'ono wawo. Asiyanso mabuku atatu, amene ife a banja talonjezana kuti tiwawerenga, ngakhale tachedwa.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, abusa ndi akuluampingo, amayi a Chigwirizano, amfumu a dera lino, adzukulu amene akonza kumanda, ndi anzawo a minibasi amene atipatsa galimoto ziwiri osawapempha. Amayi amene mwatiphikira, musadziimbe mlandu ngakhale pang'ono, inu munakoleza zimene munapatsidwa. Mayi Ruqayyah, zikomo potiuza zoona pamene ena akanangokhala chete.

Achimwene, ntchito yanu munaimaliza, amene anaiwononga ndife. Mulungu amene anakupatsani mphatsoyo akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.