Envulopu ya Pakhomo pa a Kuramochi

Akazi a Shigeo Kuramochi atapita ku Kumamoto, kumwera kwa Japan, kukadwazika mayi awo, envulopu ya ndalama za pakhomo sanasiyire amuna awo. Anasiyira Tamaki, mwana wawo wa zaka khumi ndi zisanu, mtsikana woti ukamuuza kuti ayang'ane msuzi uli pamoto, amauyang'anadi mpaka usefukire.

A Kuramochi zinawawawa, koma chinawasowetsa mtendere chinali china. Loweruka likudzalo mnzawo wa ku ofesi ankakwatira, ndipo mayeni 30,000 a mphatso, amene akazi awo anawapatsa asananyamuke, iwo anali atagulira ndodo yowedzera nsomba. Ku ukwatiko kukakhala abwana ndi ofesi yonse, ndipo pakhomo pa holo pamakhala tebulo lomwe mlendo aliyense amaperekerapo envulopu yake n'kulemba dzina. Kupita chimanjamanja sikukanatheka. Kuulula, a Kuramochi sanabadwe nako.

Choncho Lamlungu atadya chamasana anamukhazika pansi mwanayo n'kumuuza kuti wakula, yakwana nthawi yoti bambo ake amuphunzitse kasamalidwe ka ndalama. Tamaki anakatenga kope ndi cholembera.

"Phunziro loyamba," anatero akugogoda tebulo ndi chala. "Ndalama isamagone. Izigwira ntchito."

"Ntchito yanji, bambo?"

"Izizungulira. Izichoka m'manja mwa uyu kupita m'manja mwa uyo."

"Ikazungulira imabwerera?"

"Nthawi zina."

Tamaki analemba mosamala. Kenako anafunsa ngati ndalama yogona m'kabati imapezekamo nthawi zina kapena nthawi zonse. A Kuramochi anatsokomola, nati mafunso akhale kumapeto.

Phunziro lachiwiri linali losiyanitsa zofunika ndi zongolakalaka. Analankhula nthawi yaitali, kuyambira pa mpunga ndi magetsi mpaka anafika pomwe ankafuna: mphatso ya pa ukwati. Imeneyo, anatero, ndi yofunika kuposa nsapato za kusukulu, chifukwa ndi ulemu wa banja lonse. Tamaki anavomereza ndi mtima wonse, nawonjezera kuti n'chifukwa chake amayi anapereka kale ndalamayo, ya mapepala atsopano okhaokha.

"Eya, eya. Koma tiyerekeze pali bambo wina amene ndalama yakeyo alibenso."

"Dzina lake ndani?"

"Alibe dzina."

"Nanga pa tebulo la ku ukwati akalemba chiyani?"

"Ndi chitsanzo chabe, iwe."

"Ndalamayo inapita kuti?"

A Kuramochi anayang'ana kudenga. "Inagwira ntchito ina."

Tamaki anabwerera tsamba loyamba, naloza ndi cholembera. "Ndiye adikire. Nthawi zina imabwerera."

Bambowo anadzuka, anakathira tiyi amene sankamufuna, nabwerera ndi nzeru ina. Anati zolemba zakwana, tsopano ndi mayeso enieni. Munthu wodziwa ndalama amaoneka ndi momwe amakhulupirira abale ake. Tamaki akatenge envulopu ija, atulutsemo mayeni 30,000, awapatse iwo, ndipo ntchito yake asafunse.

"Ngati ndi mayeso, yankho lolondola ndi kupereka kapena kukana?"

"Kupereka."

"Lero lomwe?"

"Pompano."

Mtsikanayo sanasunthe. Anatsegula tsamba lina la m'mbuyo, nafotokoza kuti mwezi watha kusukulu kunabwera wapolisi kudzawachenjeza za akuba amene amaimbira foni anthu n'kudzitcha achibale. Anawapatsa zizindikiro zinayi. Munthuyo amati ndi m'bale wako, amafuna ndalama mwachangu, ndipo sanena ntchito yake. Zitatuzo zinali zitakwana kale, koma anawalimbitsa mtima bambo ake kuti chachinayi sichinaoneke.

"Chachinayicho n'chiyani?"

"Ndikanena ndiye mudziwa."

"Siya za apolisi. Katenge envulopuyo, basi. Ndipo amayi ako usawavutitse nazo zimenezi, ali ndi odwala."

Tamaki anachonga m'kope mwakachetechete.

"Wachonga chiyani?"

"Chachinayi."

"Ine ndine bambo ako!"

"Nawonso amatero, bambo."

Makutu a a Kuramochi anafiira. Anamukumbutsa kuti agwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pa kampani imodzi, kuti ndalama iliyonse ya m'envulopumo ndi thukuta lawo. Tamaki sanatsutse. Anangofunsa, mofuna kudziwa ndithu, chifukwa chake munthu wa zaka zonsezo amalandira ndalama yodyera kwa amayi pa tsiku lomwelo limene iyenso amalandira yake. Bambowo anamuyankha kuti zimenezo ndi za akuluakulu.

Kenako anasintha mawu, n'kukhala ofatsa ngati aphunzitsi otsanzika. Phunziro lomaliza, anatero, ndilo lalikulu kuposa onse. Mwana akasokonezeka pa nkhani ya ndalama asalimbane nazo yekha. Afunse munthu wamkulu wa m'banjamo, wodziwa bwino ndalama, ndipo chimene wamkuluyo anene achite osawiringula. Atatero anakonza kolala ya malaya awo, napinda manja, n'kudikira.

"Osawiringula?"

"Ngakhale pang'ono."

Tamaki anatenga foni.

A Kuramochi anakupiza manja onse awiri ngati akuimitsa basi, koma ku Kumamoto anali atayankha kale. Mwanayo anafotokoza zonse mwa ndondomeko yake, kuwerenga m'kope: ndalama yozungulira, bambo wopanda dzina, mayeso, zizindikiro zinayi. Atafunsidwa ngati m'nyumbamo mwafika katundu wachilendo, anati palibe, kupatula chibokosi chachitali chimene chabisidwa kuseri kwa makina ochapira. Kenako anangomvetsera, akugwedeza mutu ndi kulemba.

Atadula foni anawerenga zimene anauzidwa. Ndodoyo ibwezedwe kusitolo mawa, isanakhudze madzi. Ndalama yake ilowe mu envulopu ya ukwati, ndipo envulopuyo asunge Tamaki mpaka Loweruka m'mawa.

"Chabwino," anatero a Kuramochi ndi mawu otsika. "Anenanso china?"

"Akuti kuyambira mwezi wamawa ndalama yanu yodyera muzilandira kwa ine, sabata ndi sabata." Anang'amba tsamba loyera m'kopemo, nawakankhira pamodzi ndi cholembera. "Akuti ndiyambe lero kukuphunzitsani. Lembani dzina pamwamba."