Ndinatsuka Injini, Mlandu Unagwera Alamu Anga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndine mayi a Tadala, ndimakhala ku Pfupajena kuno ku Chegutu. Umboni wanga ndi wa manyazi, chifukwa ndinatseka pakamwa milungu itatu pamene abale awiri ankadana pa chinthu chimene ndinalakwa ndine.

Amuna anga ali ndi pikapu yakalekale imene anasiyiridwa ndi malemu bambo awo, ndipo ndi imene timanyamulira matimati kupita nawo ku Kadoma. Loweruka lina akulu awo, alamu anga a Yohane a ku Eiffel Flats, anaibwereka n'kuibweza ili matope okhaokha. Amuna anga anali kumaliro. Pofuna kuwasangalatsa ndinatsuka galimotoyo, kenaka ndinatsegula boneti n'kukhuthulira mabaketi awiri a madzi ozizira pa injini ili yotentha. Ndinamva kuthetheka, nthunzi ili tolo, ine n'kungotseka.

Kutacha galimoto inavuta kulira. Italira inkatsokomola, kunjenjemera, ndi kuphulika ku ekizozi, pachitunda n'kumatha mphamvu. Amuna anga anasintha mapulagi, anatsuka kabureta, koma ayi ndithu. Basi anagamula kuti akulu awo anazulamo zitsulo zabwino n'kuikamo zakutha. Anawalalatira pafoni ine ndili pomwepo ndikuvundula sadza, nsima ya kuno. A Yohane anangoti, "Mng'ono wanga, lero ndasanduka mbava?" n'kudula foni.

Kutchalitchi ndinkaimba kwaya ngati munthu wolungama, koma pemphero langa linali lokhota. Ndinkapempha kuti galimoto ichire yokha, ine ndisaulule.

Ambuye anayankha mwa njira yawo. Tsiku lina pikapu inafookeratu tikuyandikira Kadoma, mpaka tinaima pambali pa msewu. Bambo wina wachikulire wa panjinga anatimva tikuyankhula Chichewa, chiyankhulo chakwawo, n'kuima. Anali a Saidi, Msilamu amene kale ankakonza magalimoto a kumgodi. Amuna anga anawafotokozera zonse, ndi za kuba zomwe. A Saidi anati injini ilire, n'kumazula mawaya a mapulagi mmodzimmodzi. Atazula wachitatu, kulira sikunasinthe. "Kuno moto sukufika," anatero. Anamutsata wayayo mpaka pa distribyuta, kachipangizo kogawa moto ku mapulagi. Atatsegula chivundikiro chake anationetsa mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, ndi kanjira kakuda komwe moto unkathawira. Mapointi, tizitsulo tam'kati todutsa moto, anali ndi dzimbiri.

"Palibe waba kanthu muno," anatero a Saidi. "Ichi chinathiridwa madzi chili chotentha. Anatsuka injini ndani?"

Amuna anga anayamba kuti, "Ndiye kuti achimwene aja..." Sindinathenso kupirira. Ndinagwada pafumbi, makombi onyamula anthu akudutsa, anthu akusuzumira m'mawindo. "Bambo a Tadala, ndine. Ndinaopa kunena."

A Saidi anapalasa njinga kukatenga chivundikiro china chimene ankasunga kwawo, anapala mapointi, injini inalira bwinobwino. Amuna anga anayendetsa, koma m'malo molowera kumsika anakhotera ku Eiffel Flats.

Tinawapeza a Yohane akuchokera kokumba golide. Amuna anga anavula chipewa n'kupepesa, ine ndinafotokoza ndikulira. Alamu anga anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Alamu, za madzizo si mlandu, aliyense amalakwitsa. Chandipweteka n'chakuti munamva ndikutchedwa mbava, inu n'kukhala chete." Mawu amenewo amandilasabe mpaka lero. Koma anatigwira chanza tonse, natiuza tikhale pansi tidye.

Ndikuthokoza Mulungu amene anakana pemphero langa lobisa, n'kunditumizira munthu wosamudziwa kuti andifunse funso limodzi. Mlongo wanga, mbale wanga, ngati pali wina amene akusenza mlandu wako, usadikire kugwada pamsewu ngati ine. Limba mtima, pemphera, ndipo upite ukanene lero.