Mfuti ya a Jailosi inatulukira m'mphasa

Dziko litangolandira ufulu, ine ndili mayi wa mwana mmodzi kuno ku lokeshoni ya Rugare, mfuti zotsala kunkhondo zinali mbwee m'nyumba za anthu. Chipo, siya foniyo, nkhaniyi ikukukhudza.

Tinamva kuti ku lokeshoni ina bambo wina anawombera amayi pamzere wa basi poti mkazi wake anamuthawa, ndipo apolisi analengeza kuti aliyense wosunga mfuti akapereke. Ambiri anapereka, koma a Jailosi, oyandikana nafe amene anali msilikali pankhondoyo, anakana. Ntchito inali itawathera, ndipo akaona ife tikupita kukasoka ku fakitale ya ku Msasa, ankakuwa ali pakhonde: "Akazi mwatilanda ntchito! Tsiku lina ndidzakuchepetsani pa siteji pomwepo!"

Amuna athu ankati ndi mowa chabe. Ife sitinaseke, chifukwa mkazi wawo Esinati, ali ndi mimba yoyamba, anatinong'oneza pa mpopi kuti mfutiyo ili pansi pa bedi ndipo amaipukuta tsiku lililonse. Tinachita mantha, ana inu, mantha enieni. Nanga tikaitana apolisi, munthu wosachoka pakhomo uja sakanayambira Esinati yemweyo?

Anatipulumutsa ndi mayi Nabanda, namkungwi wathu wochokera ku Chipata, wamfupi koma wa pakamwa ngati belu. Inu lero za mimba mumafunsa foni, koma ife woyembekezera koyamba ankalangizidwa chisamba, ndipo mwamuna sankaponda pamenepo. Loweruka masana tinafika kwa Esinati chigulu ndi ng'oma.

"Bambo, tulukani," anatero a Nabanda. "Kapena mukhale, tikuvuleni malaya tikulangizeni limodzi?"

Msilikali uja anathawa osamanga ndi nsapato zomwe! Ife ng'oma kuliza, nthungululu, kwinaku a Nabanda akukwawira pansi pa bedi matako m'mwamba. Tinakulunga chinthucho m'mphasa, ine ndinasenza, ndipo tinadutsa pa bawa pomwe anakhala mwiniwake, tikuvina mpaka kupolisi. Chiuno changa sichinaphonye ng'oma.

Madzulo a Jailosi anabwera kwa a Nabanda maso ali psuu. Anapeza amayi tonse tili khale pakhonde.

"Katundu wanga ali kuti?"

"Za kuchisamba mwamuna safunsa, bambo. Amayi anu sanakuuzeni?"

Anayang'ana uku ndi uku, nabwerera. Esinati tinamusunga kwathu mpaka anachira, ndipo anabwerera kwa mwamunayo akulu a mpingo atawakhazika pansi a Jailosi, iwonso atapeza ntchito ku njanji.

Mwana amene anali m'mimbayo ndiye amayi ako, Chipo. Eya, a Jailosi ndi sekuru ako, agogo ako aamuna omwe aja, ogawa maswiti kutchalitchi. Tseka pakamwa, ntchentche zilowa.

Ndiye ana anga, mwamuna akamalankhula zopha akazi, musamati ndi mowa. Uzanani msanga, ndipo musapite mmodzimmodzi. Ife tikanaseka nawo, lero ndikanauza ndani nkhaniyi?