Mkaidi wa Don Policarpo

Tsiku lomwe mdani wake anamwalira, Don Policarpo Aranda anavala yunifolomu yake ya ku nkhondo ya Chaco, yomwe dziko lake linamenyana ndi Bolivia, ija inasiya kalekale kutsekeka pamimba, n'kuthamangira ku ofesi ya za manda kukatenga chilolezo choti amuike m'manda a banja lake dzuwa la Januwale lisanawononge mtembo. Tsoka lake, pa desiki anapezapo Ña Herminia, mayi wongosamukira kumene m'tauniyi, yemwe sankadziwa munthu aliyense ndipo ankalemba chinthu momwe wachimvera, osathira kamchere.

"Dzina la malemu?"

"Boli."

Mayiyo anadikira, cholembera chili m'mwamba. "Boli ndani, agogo?"

"Boli basi."

"Dzina la bambo ake?"

"Boli winanso. Kwawoko onse ndi omwewo."

"Agogo, limenelo si dzina. Ndi chipongwe chomwe munkanyozera anthu a ku Bolivia nthawi ya nkhondo."

"Nanga iwo ankatitchula kuti angelo? Ankati ndife a Pila, oyenda opanda nsapato! Ameneyu wanditchula Pila mpaka dzulo, m'kamwa mwake muli chinangwa changa."

"Kalata ya adokotala muli nayo?"

Mdalayo anavula chipewa n'kusolola pepala lomwe linali litamatirira padazi. Thukuta linali litagwira ntchito yake. Pomwe panali dzina panatsala chithaphwi cha inki.

"Apa sipakuwerengeka. Chitupa chake?"

"Ndinachilanda mu 1934. Ndi katundu wogwidwa kunkhondo, saperekedwa kwa anthu wamba."

"Koma dzinalo mukulidziwa?"

"Ngati njira ya kuchimbudzi kwanga."

"Ndiye litchuleni."

"Aa, ayi! Ndinalumbira pamaso pa Namwali Maria wa ku Caacupé kuti silidzatuluka pakamwa pano. Zaka makumi asanu ndi ziwiri sindinaterereke ngakhale kutulo, ndiye nditerereke lero chifukwa cha buku lanulo?"

"Lembani papepala apa."

"Dzanjali linalumbira nawo."

Ña Herminia anayang'ana wotchi yapakhoma. Ofesi inkatsekedwa belu la masana likangolira, ndipo ikatsekedwa ngakhale bishopu akanagogoda pachabe. Panja pansi pa mtengo wa mango, Karai Wenceslao, womanga manda, anali akumwa tiyi wozizira wotchedwa tereré, akudikira chidindo kuti akagumule pakhomo pa mandawo, kanyumba ka njerwa kokhala ndi mashelefu oikapo mabokosi.

"Tilumphe kaye pamenepo. Ubale wanu ndi malemu?"

"Mdani."

Analemba. "M-d-a-n-i. Pepani, agogo, sizitheka. M'manda a banja mumalowa abale okha."

"Mandawo ndi anga! Njerwa zake ndinaumba ndekha!"

"Nokha?"

"Iye ankangoponda dothi, kuumba ndi kuotcha. Nzeru zinali zanga."

"Ankakhala kuti?"

"Kwanga. Chipinda chija choyang'ana kumalalanje, chopita mphepo bwinocho."

"Mdani mumamupatsa chipinda chopita mphepo?"

"Zenera lake limaonekera bwino ndili pakhonde. Mkaidi samuika poti sukumuona, mayi."

Cholembera chinaima. "Mkaidi?"

"Wankhondo. Ndinamugwira ndekha ndi manja awa."

"Agogo, nkhondo inatha mu 1935. Tinaphunzira kusukulu kuti akaidi onse anabwezedwa kwawo."

"Onse kupatula wanga."

"Bwanji?"

"Tsiku lomwe galimoto inabwera anali padenga, akufolera. Ndikanamutsitsa denga lili theka, mvula ili pafupi?"

"Nanga galimoto yachiwiri?"

"Nkhumba inali ikubereka."

"Yachitatu?"

"Mayi inu, mumagwira ntchito ya manda kapena ya magalimoto?"

Ña Herminia anapinda pakamwa, n'kukokera telefoni pafupi. Anayamba kuipukusa modekha ngati akupera chimanga.

"Mukuimbira ndani?"

"Ku kambi ya asilikali. Ngati malemuwa ndi mkaidi wankhondo yemwe sanabwezedwe, si wanu, si wa ofesi ino. Ndi wa dziko lawo. Amukulunga mbendera, amuimbira lipenga, n'kumukweza pa galimoto mpaka kwawo kumapiri."

"Kumapiri? Kozizira kuja? Munthuyo ali ndi chifuwa!"

"Wamwalira, agogo."

"Ndiye mukuti chifuwacho chatha? Munamupima ndinu?"

"Halo? Halo, mayi wa pa lamya?"

"Kumeneko akamudziwa ndani? Abale ake onse anatha. Ndani akamupalire pamanda? Ndani akamutukwane Lamlungu lililonse? Adzangogona ziii ngati munthu wachilendo!"

Mayiyo anatseka telefoni ndi chikhatho. "Asilikali adzafuna lipoti. Munamugwira bwanji? Nenani mwachidule."

Apa Don Policarpo anakhala bwino pampando. Nkhani imeneyi anali ataifotokozapo m'maukwati ndi m'maliro onse a m'tauniyi, ndipo chaka chilichonse inkanenepa. Vuto n'lakuti sanaifotokozepo kwa munthu wofunsa mafunso.

"Unali Disembala, dzuwa loti nyerere zinkapempha madzi. Ndinasochera kuthengo masiku awiri. Ndikukhota pa chitsamba chaminga, uyu! Lilime lili kunja ngati chikopa cha nsapato. Ndinangoti, 'Boli iwe, zako zada!'"

"Mfuti yanu munamuloza nayo?"

"Yanga ndinali nditaisiya penapake. Inkalemera."

"Iye anali nayo?"

"Kamfuti chabe."

"Anakweza manja ndani?"

"Ine. Koma kunali kuwongola msana."

"Kenako?"

"Tinayamba ulendo."

"Patsogolo ndani?"

"Ine! Mtsogoleri amayenda pambuyo?"

"Iye pambuyo, ndi mfuti."

"Mukulemba moipa, mayi, mukulemba moipa! Mwana wa kuphiri uja ankadziwa chiyani kuthengo kuja? Ine ndinkadziwa muzu wosunga madzi. Ndinkaukumba ndi zala izi, n'kuufinyira m'chipewa. Popanda ine akanauma ngati nyama yoyanika."

"Ankayamba kumwa ndani?"

Mdalayo anatsokomola. "Mlendo amayamba."

"Munafika bwanji kwa anzanu?"

"Tsiku lachitatu phazi langa linatupa ndi minga, chonchi, ngati dzungu. Ndiye anandibereka."

"Anakuberekani."

"Masiku awiri. Akulira, akuitana amake m'chilankhulo chawo chija, koma osanditsitsa. Liuma lokhalokha. Tsono munthu wobereka mnzake mfuti aigwira ndi chiyani? Anandipatsa ine! Mwaona? Tinalowa mumsasa wathu ine ndili pamwamba, mfuti ili m'manja mwanga, iye ali pansi. Wagwidwa ndani pamenepo? Akuluakulu a asilikali anandipatsa mendulo. Iyi!"

Ña Herminia anaiyang'ana menduloyo mwaulemu, kenako anawerenga zomwe analemba, chala chikutsata mzere.

"Woyamba kukweza manja ndinu."

"Msana, ndanena kale!"

"Iye atakugwirani, anadzakumasulani?"

"Andimasule iye ngati ndani?"

"Ndiye sanakumasuleni. Kalata yokumasulani palibe?"

"Kalata yanji kuthengo?"

"Ho-o." Mayiyo anagwedeza mutu ngati wapeza pomwe ulusi unasokonekera. "Ndiye akaidi alipo awiri. Iye ndi mkaidi wathu, ayenera kubwerera kwawo. Inu ndinu mkaidi wawo, muyenera kupita akakumasuleni. Galimoto imodzi ikwana. Inu mukhala kutsogolo ndi dalaivala."

"Ine? Mkaidi wa Boli? Ine amene?"

"Mutenge juzi. Mwanena nokha kuti kumazizira. Halo? Ee, ndipatseni ku kambi."

"Ikani pansi chinthucho!"

"Akuitana kale."

"Ikani pansi, mwanawe, chonde! Sangapite. Eduvigis akumudikira."

Mayiyo anabweza telefoni pang'onopang'ono. "Eduvigis ndani?"

"Mchemwali wanga. Ali m'mandamo, shelefu yapakati. Pambali pake pali malo. Wagona yekha zaka khumi ndi chimodzi, zakwana."

"Mdani wanu agone pambali pa mchemwali wanu?"

"Anazolowera."

"Mchemwali wanuyo ankakuthandizani kulondera mkaidi?"

Don Policarpo anayang'ana kudenga, komwe nalimata anali atamugwira njenjete. "Ine masana, iye usiku."

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka makumi anayi ndi chimodzi. Sanathawepo."

"Anali ndi mfuti mchemwali wanuyo?"

"Eduvigis? Ankafunika mfuti? Simunamumve akukalipa."

"Agogo, anthuwa anakwatirana?"

"Iwo ankatero. Ansembenso ankatero."

"Inu munalipo?"

"Ndinalipo, koma ndinayang'ana kukhoma."

"Munkatani kutchalitchiko?"

"Nanga mkwati akanamuperekeza ndani, bambo athu atamwalira? Mphete nazonso munthu wina ankafunika kuzigwira. Suti ija inali yanga, anaibwereka. Manja a jekete anamupitirira zala, anthu aafupi aja."

"Ndiye ndi mlamu wanu."

"Sss! Mawu amenewo m'chipinda muno ayi!"

"Mlamu ndi wachibale. Wachibale amalowa m'manda a banja, ndipo asilikali sizikuwakhudza. Ndifufute mdani, ndilembe mlamu?"

Mdalayo anapukuta khosi ndi chipewa. Anaganiza za bokosi lomwe linali pa tebulo kunyumba, madzi oundana akusungunuka pansi pake, amayi opemphera korona akutseka mphuno ndi timipango. Anatembenuza mpando wake, n'kuyang'ana kukhoma.

"Lembani msanga. Ine sindikuona."

Cholembera chinalira papepala. "Zatheka. Tsopano tibwerere pamwamba. Dzina la malemu?"

"Boli."

"Agogo!"

"Ndakupatsani mlamu, mukufunanso chiyani? Magazi? Munthu anandigwira, pepani, ndinamugwira, n'kunditengera mchemwali, chipinda chabwino, mpando wanga wa pakhonde, ndiye ndimupatsenso dzina? Akakamva ali m'bokosimo adzaseka mpaka chivindikiro kutseguka. Adzati, 'Pila wagonja!' Ayi. Ndifa nalo."

Kutchalitchi wina anayamba kukoka chingwe cha belu. Ña Herminia anatsegula kabati, natulutsa kabuku ka malamulo kachikasu, nanyowetsa chala.

"Ndime yachisanu ndi chinayi. Ngati dzina la malemu silikupezeka, palembedwe lomwe ankadziwika nalo. Sindinafune, koma nthawi yatha, ndipo mtembo sungadikire mawa. Mwapambana, agogo."

"Ehe! Bwenzi titamaliza kalekale."

"B, O, L, I." Anapumira chidindo mpweya, n'kuchimenya papepala. Phaa!

Don Policarpo anakweza chibwano ngati tsiku lolandira mendulo. Mayiyo anaimirira, nakankha zenera, n'kukuwa ndi mawu omveka mpaka kumsika.

"Karai Wenceslao! Katsegulireni Boli uja! Shelefu yapakati! Pa simenti mulembe kuti Boli, zilembo zikuluzikulu, anthu aziwerenga ali kumsewu!"

Pansi pa mango, Karai Wenceslao anatsamwa ndi tereré. Mayi wogulitsa timikate ta chipa pakona anaika dengu pansi n'kudzilemba mtanda. M'tauniyi aliyense ankadziwa chinthu chimodzi chomwe Ña Herminia anali asanauzidwe: mawu amenewo ankatuluka pakamwa pamodzi pokha. Mwini bucha anawayesapo mu 1951, ndipo mpaka lero amatafunira mbali imodzi.

Mdalayo anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira. Batani lomaliza la yunifolomu linaduka n'kukagunda wotchi.

"Mwati chiyani?"

"Ndati Boli, momwe mwanenera."

"Bwerezani."

"Boli. Ndi zomwe zili m'buku, agogo. Boli, mlamu wa bambo Aranda."

Chibakera chinatera pa desiki, chidindo n'kudumphira pansi.

"Boli ndani? Inu munaliko ku Chaco? Munamwapo madzi a muzu m'chipewa cha munthu? Munaberekapo mdani wanu masiku awiri dzuwa lili pamutu? Ameneyo ndi Don Saturnino Choque Huanca, mayi inu, ndipo mukamalitchula muziimirira!"