Mwana Wofuna Kudzakhala Mlendo

Pamalo odikirira basi, mayi wina wachikulire anayamba kucheza ndi bambo amene anafumbata kasutikesi kakang'ono.

"Ulendo wa kuti ndi kasutikesi kameneka, bambo?"

"Si kanga, mayi. Ndagulira mwana wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi. Akuti akadzakula adzakhala mlendo."

"Mlendo? Imeneyo ndi ntchito?"

"Akuti palibe yoiposa. Mlendo timamuphera nkhuku, amagona pabedi ife pansi, ndipo satsuka mbale. Dzulo wandiuza kuti masamu wasiya, poti mlendo safunsidwa masamu."

"Inu n'kumugulira sutikesi!"

"Nanga nditani? Wayamba kale kuyeserera. Amagogoda pachitseko cha kwathu komwe, n'kutifunsa kuti ana ali bwanji."

"Mukumuwononga mwanayo. Wanga sindinamulekerere ayi. Lero ndi dokotala wamkulu kunja."

"Amabwera kudzakuonani?"

"Pakatha zaka zitatu. Amakhala masiku awiri."

"Mumamuphera nkhuku?"

"Ziwiri."

"Amagona pati?"

"Pabedi panga, ine pamphasa."

"Mbale amatsuka?"

"Aa, dokotala atsuke mbale?"

"Mayi, chonde tandipatsani nambala yake. Wangayu akusowa womuphunzitsa ntchito."